Kodi Ulemu wa Wofika Ndi wa Yani?

M'zaka za m'ma 1950 amuna ambiri a ku Chiradzulu anali pa nchito ku Salisbury, ndipo pobwerera kwao chuma chonyaditsa chinali njinga. Olimba mtima ena ankaipalasa ulendo wonsewo, mamailo pafupifupi 400, kudzera ku Mtoko ndi ku Tete, naoloka Zambezi pa bwato, pakuti mlatho unadza mu 1973.

Tsono munthu wotere akatsika pa Nguludi, amai ali nthungululu, kodi ulemu ndi wa yani? Miyendo inali yake, indedi. Komatu dziko la Tete ndi louma. Madzi amene anamwa kumeneko anakatunga kutali mai wina wosauka, napatsa mlendo amene sadzamuonanso. Ngongole yotere siibwezeka, poti mwini wake sadziwika ndi dzina lomwe. Thomas Aquinas Woyera anaphunzitsa kuti wolephera kubweza ayenerabe kuvomereza chimene analandira ndi kuyamika. Koma wapaulendoyo ankasimba za zitunda ndi minga yoboola matayala. Za mai uja, ayi. Ndipo mkazi wake, amene analima yekha zaka zonsezo, anali pamafuwa, kuphikira alendo odzaona njinga.