Chete wa pa woki-toki

Wailesi yam'manja yolankhulirana, imene apolisi ndi alonda amaitcha woki-toki, siilola munthu kulankhula ndi kumva pa nthawi imodzi. Akadina batani la m'mbali mawu ake amapita, koma iye samva kanthu kufikira atalisiya. Tchanelo nayonso ndi ya onse. Awiri akadina pamodzi pamamveka phokoso lokhalokha, kapena wailesi yamphamvu imameza inzake. Funso limabadwira pomwepa: kodi kukhala chete ndi kusachita kanthu, kapena ndi ntchito imene munthu amagwirira mnzake?

Malangizo ena a kagwiritsidwe ntchito ka woki-toki ndi oteteza thupi ndipo savuta. Wailesi isagunde pakamwa, eriyo isagwidwe polankhula, batire lotupa lisatchajidwe, ndipo batani lisadinidwe pamene akuthira petulo. Bungwe la MACRA ndilo limagawa mafunde ndi ziphaso kuti magulu asamalowererane.

Malangizo olemera ndi a lilime. Mafoni asanafale, zipatala zambiri zakumudzi zinkaitanira ambulansi pa wailesi, ndipo chipatala chaching'ono ngati cha Mauwa chimadalirabe chipatala chachikulu cha Chiradzulu mayi woyembekezera akavutika usiku. Pa tchanelo yotere, wofunsa za mpira kapena wopereka moni wa banja lonse watseka njira ya wina amene sakumuona. Choipa kwambiri n'chakuti sangadziwe n'komwe, pakuti chala chake chili pa batani. Kulakwa kwake si bodza kapena mwano ayi; n'kutenga yekha chinthu cha anthu onse, monga woima pa mjigo ndowa itadzaza kale.

Kalata ya Yakobo, m'chaputala 3, imafanizira lilime ndi kamoto kotentha nkhalango. Pa wailesi fanizoli limaoneka ndi maso, chifukwa mawu safika kwa munthu mmodzi. Aliyense amene watchera tchaneloyo amamva, choncho dzina la wodwala ndi matenda ake zikatchulidwa sizibwezeka.

Komabe akuluakulu anati chetechete sautsa nyama, ndipo sananame. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Yaikulu Likoswe m'boma la Chiradzulu, magetsi anazima ndipo mafoni anavuta m'madera ambiri a kummwera. Pa tsiku lotere, wogwira wailesi amene waona phiri likugumuka n'kuopa kusokoneza akuluakulu walakwa kuposa wolongolola uja. Ulemu umene ungaphetse anthu suyenera dzinalo.

Choncho chete ali pawiri. Pali wa mantha kapena ulesi, ndipo pali wa munthu amene wailesi yake ndi yoyatsa, batire ndi lodzaza, khutu lili tcheru. Wachiwiriyu ndiye udindo, ndipo amaonekera m'kachitidwe kake: amayamba wamvetsera ngati tchanelo ili yopanda munthu, amatchula amene akumuitana, amanena malo ndi vuto m'mawu ochepa, kenako amati "ova" n'kuchotsa chala pa batani.