Tidzawayankha Chiyani Ogona Kunkhadze?

Woyenda pa msewu wochoka ku Lilongwe kulowera ku Dedza, kapena uja wa ku Mchinji, akaponya maso kuminda m'mwezi wa Okutobala amaona dziko lofiira, lambee, lopanda pousa. Koma apa ndi apo, chapafupi ndi mudzi, pamaoneka kankhalango kowirira ka mitengo imene kwina konse inatha kalekale: misolo, mikuyu, mbawa, ndi nkhadze m'mbali mwake. Mwana wakumudzi safunsa kuti kumeneko kuli chiyani. Amadziwa kuti n'kumanda. Mitengo imeneyo sinatchingidwe ndi waya, sinalonderedwe ndi mlonda wa boma. Inapulumuka chifukwa anthu ankaopa, ndipo mantha ake anali aja amene mwana amakhala nawo pamaso pa kholo lake. Lero nkhwangwa yafika ndi komweko. Utsi wa makala ukufuka pafupi ndi mitumbira, khasu likudya malire a manda chaka ndi chaka, ndipo m'matauni maziko a nyumba akukumbidwa mogundana ndi ziliza. Mitengoyo ndi yomvetsa chisoni, koma chondiwawa koposa ndi mtima uja unkagwira dzanja la munthu asanakweze nkhwangwa. Mtima umenewo wapita kuti?

Makolo athu sankati munthu akatsikira kulichete watha. Ankati watsogola, ndipo kumene ali akuona. Khanda likamalira usiku wonse popanda matenda ooneka, akuluakulu ankakhala pansi n'kufunsana ngati pali malemu amene akufuna kuti dzina lake lidzuke. Ndipo mwanayo akapatsidwa dzina la agogo ake, ngakhale mayi womubala ankamuitana mwaulemu, poti m'dzinamo munali munthu wamkulu. Mlenje asanalowe m'tchire, wapaulendo asananyamuke, ankatchula akwawo amene anapita. M'banja mukagwa vuto, mwini mbumba ankatenga ufa kapena mowa wamasese, n'kupita patsinde pa mtengo, n'kugwada, n'kuomba m'manja, n'kuyamba kutchula mayina limodzilimodzi, kuyambira amene anawaona ndi maso mpaka amene anangomva mbiri yawo. Chilala chikakula, nkhani inkafika kwa Makewana ku Msinja, kapena ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kumene Amang'anja amapereka nsembe kwa Mbona mpaka lero. Sankasokoneza mizimu ndi Chauta. Ankadziwa kuti mwini mvula, mwini moyo, ndi Namalenga yekha. Mizimu inali ankhoswe owanyamulira mawu kwa Mwini wakeyo. Ndipo ikapita miyezi, kawirikawiri chaka, ankafulula mowa wa bona, gule n'kutuluka kudambwe, mzimu n'kuperekezedwa kuti ukakhale mumtendere pakati pa anzake.

Koma pali chinthu chimene ife a masiku ano timachilumpha tikamakamba za thandizo la mizimu. Thandizolo silinali laulere. Mzimu woteteza ndi womwewo unkadzudzula. Malume amene ankakuyendera kutulo kudzakuchenjeza za ngozi ya panjira ndi omwewo ankabwera nkhope ili yakugwa ukalanda munda wa mlongo wako. Matenda akalowa m'nyumba, pambali pa funso lija lakuti "watilodza ndani?" panalinso funso lina lowawa kuposa limenelo: "talakwa chiyani?" Kodi pali mwana wamasiye amene akugona ndi njala ife nkhokwe ili yodzaza? Kodi pali nkhalamba imene denga lake likudontha ife manja tili nawo? Kodi pali mawu amene malemu anasiya ali pamphasa, ife n'kuwapondereza? Munthu wokhulupirira kuti mayi ake akumuona ali kumanda sankatha kugulitsa mbuzi ya ana amasiye n'kugona tulo tabwino. Ogona kunkhadze ankaona usiku, ankaona kuseri kwa nyumba, ankaona kumene mfumu ndi nduna zake sakanafika. Mudzi unkayenda bwino popanda wapolisi chifukwa aliyense ankadziwa kuti tsiku lina adzakagona pambali pa anthu amenewo, ndipo adzamufunsa mmene anasungira mbumba imene anamusiyira.

Sikuti zonse zakale zinali zoyera. Mwavi unapha anthu osalakwa, kulowa kufa kunazunza amayi ofedwa ndi kufalitsa matenda, ndipo miyambo yotere siyoyenera kuilira. Koma potaya zoipazo tinataya ndi manyazi omwe, tinataya ndi ulemu womwe, tinataya ndi funso lija lakuti "talakwa chiyani?" Tinangosunga linzake, lolozera chala munthu wina.

Wina anena kuti ife ndife Akhristu, ife ndife Asilamu, za mizimu tinazisiya. Sindikuuza munthu kuti akathire ufa patsinde pa msolo. Chikumbumtima chake chimuuze. Koma ndi chipembedzo chiti chimene chinatiphunzitsa kunyoza akufa athu? Buku lomwe amishoni anafika nalo ku Mvera m'chaka cha 1889 ndi ku Mua m'chaka cha 1902 limasimba za Abrahamu akugula phanga la Makipela kuti aikemo mkazi wake Sara, limasimba za Yosefe akulumbiritsa abale ake kuti asadzasiye mafupa ake ku Iguputo, ndi za Mose akunyamula mafupawo pa tsiku lotuluka. Akatolika amapita kumanda pa 2 Novembala kukapempherera omwalira awo. Asilamu amachita sadaka pokumbukira amene anawasiya. Nanga chiphunzitso ichi chafala m'matenti ndi m'makalasi a sukulu Lamulungu masana, chakuti ntchito ikasowa, banja likavuta, bizinesi ikagwa, ndiye kuti ndi mizimu yakumtundu, chachokera kuti? Agogo aja anagulitsa mtedza ndi nkhuku kuti mwana apite kusukulu, agogo aja anagona ndi njala kuti adzukulu adye, lero akutchedwa chiwanda choyenera kuchitulutsa ndi mfuwu. Mnyamata akuuzidwa kuti adule chingwe chomulumikiza ndi kwawo, asinthe dzina, asapondenso kumudzi. Kodi munthu wophunzitsidwa kuopa agogo ake akufa adzawakonda bwanji agogo ake amoyo? Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, nkhalamba zinayi zinaphedwa ndi anthu akwawo omwe pozinamizira ufiti mtsikana atafa ndi mphenzi, chonsecho lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo m'dziko muno kuyambira 1911. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, tinkatero. Lero moto tikuuyatsa pa akuluakulu omwewo.

Taonaninso maliro athu. Kale nthambi zikaikidwa pamsewu, wapanjinga ankatsika, mwamuna ankavula chipewa, oseka ankatseka pakamwa mpaka atapitirira. Uthenga wa zovuta unkayenda ndi anthu, kudzera kwa mfumu ndi kwa ankhoswe, ndipo wounyamula ankadziwa kukhala pansi kaye, kupereka moni, kusankha mawu. Lero mwana ali ku Johannesburg akumva za imfa ya mayi ake pa Facebook, chithunzi cha thupi chikuzungulira pa WhatsApp maso asanatsekedwe bwino. Munthu amadwala miyezi osazondedwa, osaphikiridwa phala, osagulidwira mankhwala. Akangotsirizika, ndalama zija zinkasowa zimatulukira. Bokosi lonyezimira lipezeka, nsalu yofanana ya banja lonse isokedwa, matenti ndi zimkuzamawu zifika. Adzukulu, amene ntchito yawo inali yaulemu ndi yobwezerana, poti maliro n'kulirana, m'midzi ina akuika makasu pansi mpaka aone ndalama kapena kachasu. Andale akwera pa nsanja, chipepeso chawo chilengezedwa mokweza kuti khamu limve, nkhata ziikidwa motsata maudindo, pamene namfedwa weniweni wakhala pakona, woiwalika. Ndipo thupi lisanatuluke m'nyumba, abale ena maso ali kale pa mipando, pa makiyi a galimoto, pa mapepala a nyumba.

Mpaka Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2011 lakuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Lamulolo ndi labwino, ndipo amayi ambiri lawapulumutsa. Koma tiyeni tidzifunse mopanda chinyengo: tinafika bwanji poti mchimwene wa malemu aziletsedwa ndi khothi kuvula ana a m'bale wake bulangete? Tinafika bwanji poti chimene kale chinkaletsedwa ndi manyazi lero chikufuna wapolisi? Kenako, patatha chaka, abale omwewo amanga chiliza cha matailosi, alembapo mawu achikondi, aphika mpunga ndi nyama, ajambulitsa zithunzi, pamene ana a wogona pansi pa chilizacho abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Kodi simenti ingagule chikhululukiro? Kodi malemu, ngati akuona monga ankanenera makolo athu, akondwera ndi matailosi mwana wawo akugulitsa madzi m'basi?

Koma chamanyazi choposa zonse n'chakuti chikhulupiriro chakuti akufa angathandize amoyo sichinafe ayi; chinangovunda. Kuyambira chakumapeto kwa 2014, dziko lino linaona zimene makolo athu sakanatha n'kuzilota komwe: anthu achialubino akubedwa, akuphedwa, ndipo manda awo akufukulidwa usiku ndi anthu ofuna mafupa, pokhulupirira bodza lakuti mafupawo amabweretsa chuma. Pa milandu ina, ogwidwa anali achibale enieni. M'chaka cha 2016 aphungu anachita kukhwimitsa malamulo kuti wopezeka ndi ziwalo za munthu alandire chilango chowawa. Taganizani za mayi amene waika mwana wake m'manda, koma sangalire mwamtendere chifukwa akuopa kuti usiku kubwera anthu ndi makasu. Kale munthu ankapita kumanda chogwada, atanyamula ufa, kukapempha mvula ya mudzi wonse. Lero akupitako chozemba, atanyamula thumba, kukaba fupa kuti alemere yekha. Tikufunabe thandizo la akufa, koma chidzudzulo chawo sitikuchifuna. Tikufuna mwayi wawo, koma mwambo wawo tautaya. Mtundu wofukula akufa ake kuti upeze ndalama watsala ndi chiyani choti uziope?

Chonsecho alipo anthu pakati pathu amene akanapereka chilichonse kuti angokhala ndi mtumbira woti aloze. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe, midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu inakokoloka, ndipo anthu oposa 500 sanapezeke mpaka lero. Abale awo alibe poika nkhata, alibe polambula, alibe pouza mwana kuti bambo ako agona apa. Alipo mabanja amene agogo awo anapita ku Wenela kapena ku Halale osabwerako, matchona amene anaikidwa ndi alendo m'dothi la eni. Alipo amene amakumbukirabe ndege ija inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi ochokera kumigodi. Ndipo mpaka lero achinyamata athu ali ku Joni amasonkherana ndalama, kochepa kochepa, kuti thupi la mnzawo liyende ulendo wa masiku angapo pamsewu likagone kwawo. Iwowa akudziwa chimene ife okhala pafupi ndi manda taiwala. Osauka ali kutali akudzimana kuti m'bale wawo akagone pambali pa amayi ake, pamene ife, manda ali kuseri kwa mudzi, tasiya tchire limere mpaka sitikudziwanso kuti mtumbira wa agogo ndi uti.

Ndipo mayina akutha. Funsani mwana wa sekondale mayina a osewera mpira a ku England, akutchulirani mpaka otsala pabenchi. Mufunseni dzina la mayi wa agogo ake, mfunda wawo, mudzi umene anachokera asanasamukire kuno, angokuyang'anani. Mlandu si wa mwanayo. Ndani anamukhazika pansi? Ndani anamugwira dzanja n'kupita naye kumanda masana, n'kumuuza kuti awa anali odziwa kuumba mbiya, awa anayenda wapansi mpaka ku Salisbury, awa analera ana asanu ndi mmodzi a mchemwali wawo osadandaula? M'zaka za m'ma 1990, Edzi itakolera, tinaika m'manda m'badwo wonse wa makolo amene akanasimba nkhani zimenezi, ndipo agogo amene anatsala akulera ana amasiye nawonso akutha mmodzimmodzi, nkhani zawo zili m'mimba. Munthu wosadziwa amene anamubala sachita manyazi ndi dzina limene wanyamula, ndipo wopanda manyazi ndi dzina lake angathe kuba mankhwala m'chipatala, angathe kudya ndalama za anthu ovutika ndi njala, angathe kugulitsa manda a kwawo kwa wofuna malo.

Inu mafumu, amene manda ali m'manja mwanu, musalandire ndalama ya wodula mtengo kunkhadze, ndipo musagulitse malo ogona anthu anu. Inu abusa, ansembe, mashehe ndi aneneri, lekani kuphunzitsa ana kutukwana amene anawabala. Aphunzitseni kulemekeza atate ndi amayi awo, amoyo ndi otsogola omwe. Inu amene mukusunga katundu wa ana amasiye, mubwezeni musanamange chiliza. Ndipo inu muli mutauni, amene agogo anu akadali ndi mpweya kumudzi, musadikire uthenga wa zovuta. Pitani mwezi uno, mutenge ana anu, mukakhale pamphasa, mukafunse mayina ndi kuwalemba, ndipo m'mawa mwake mukapemphe chilolezo kwa amfumu, mutenge makasu, mukalambule pamene agona anthu anu.