Chibale ndi fupa, sichiola

Akuluakulu akamati chibale ndi fupa, sichiola, amatanthauza kuti abale angadane chotani, magazi amawakokerabe pamodzi. Mwambiwu unayesedwa koopsa pa banja la Robert Smith Todd wa ku Lexington, m'chigawo cha Kentucky, nkhondo yapachiweniweni itabuka ku America mu 1861.

Mwana wake wamkazi, Mary, anakwatiwa ndi Abraham Lincoln, pulezidenti amene ankatsogolera mbali ya kumpoto. Koma alongo ake angapo a Mary anasankha mbali ya kummwera, imene inkateteza ukapolo. Samuel anaphedwa ku Shiloh mu Epulo 1862. Patangopita miyezi inayi, Alexander anafera pafupi ndi Baton Rouge. David anavulala ku Vicksburg mu 1863.

Nawonso akamwini sanapulumuke. Benjamin Hardin Helm, mwamuna wa Emilie, mng'ono wake wa Mary, anakana udindo umene Lincoln anamupatsa m'gulu la asilikali a kumpoto, n'kukamenyera nkhondo kummwera. Anafera ku Chickamauga mu Seputembala 1863.

Apa ndi pamene fupa lija linaonekera. Lincoln analira mkamwini mnzakeyo ngakhale anali kazembe wa adani, ndipo mu Disembala chaka chomwecho analandira Emilie, wamasiyeyo, ku White House. Ena ku Washington ananyinyirika kuti mdani wagona m'nyumba ya boma, koma Lincoln sanamuthamangitse.

Mu Epulo 1865, nkhondo ikutha, John Wilkes Booth anawombera Lincoln, ndipo naye Mary anasanduka wamasiye.