Kodi Nkoyenera Kufula Galu?

Munthu akayenda m'mamawa m'mbali mwa makomboni a Lusaka kapena a Chipata, nthawi zina apeza thumba lomanga pakamwa litatayidwa m'ngalande, ndipo m'katimo mulikulira tiana ta galu tosapenya. Amene anatitaya sakhala munthu wankhanza nthawi zonse. Kawirikawiri ndi mwini nyumba wokonda galu wace, amene ampatsa nkhoko za nsima madzulo ali onse. Koma galuyo waswa ana asanu ndi mmodzi, ndipo nkhoko za nyumba imodzi sizikwanira agalu asanu ndi awiri. Munthu yemweyo akauzidwa kuti apite naye galuyo kwa dotolo wa ziweto kuti asadzaswenso, ayankha kuti kutero ndiko kulakwira Mlengi. Mlandu wace ndi uwu: coipa koposa nciti, kutsekereza moyo usanayambe, kapena kuulola kuti uyambe ndi kukautaya m'ngalande?

Poyamba nkofunika kudziwa cimene cicitika. Galu wamphongo dotolo amgoneka ndi mankhwala, namcotsa ziwalo zace za umphongo. Kumeneku ndiko kufula. Wamkazi amng'amba pamimba, nacotsa cibaliro pamodzi ndi mazira, nasoka bala. Galu wamkazi akhala ndi bere masiku ngati 63, ndipo ambiri akhoza kuswa kawiri pa caka. Akaswa ana 6 ulendo uli wonse, ndiye kuti ana 12 pa caka, ndi 60 pa zaka zisanu, osawerengako zidzukulu. Palibe mwini nyumba amene ali ndi abwenzi 60 ofuna galu.

Komatu anthu okana kufula sayenera kusekedwa, pakuti mau ao ali ndi maziko. M'malamulo a Mose, pa Levitiko 22, nyama yofula inaletsedwa kuperekedwa nsembe, ndipo aphunzitsi a Ayuda anatengapo lamulo lakuti nyama iri yonse isafulidwe. Ku Norway lamulo losamala zinyama sililola kufula galu popanda cifukwa ca matenda kapena cifukwa cina comveka. Maganizo ao ngakuti thupi la galu ndi lace, ndipo iye sangathe kubvomera kapena kukana mpeni. Ndiponso mpeniwo suli wopanda mtengo wace. M'caka ca 2013 akatswiri a ziweto a ku Davis, m'dera la California, anaona kuti agalu amphongo a mtundu wa golden retriever amene anafulidwa asanathe caka cimodzi anadwala matenda a m'ciuno kopambana anzao osafulidwa. Cotero wonena kuti kufula kulibe coipa ciri conse sanena zoona.

Cinanso ncodabwitsa. Mlimi wa kum'mawa kwa Zambia afula ng'ombe zace kuti zifatse pa goli, afula mbuzi ndi nkhumba kuti zinenepe, ndipo palibe mnansi amene amuyesa wocimwa. Zonsezo acita cifukwa ca phindu lace, osati la ciweto. Inde, mwambo pa wokha sutsimikiza kuti cinthu ncolungama. Koma munthu amene afula mbuzi m'mawa, nakana kufula galu madzulo pochula Mlengi, ayenera kufunsa mtima wace ngati coletsa ndi Mlengi ndithu, kapena ndi ndalama za dotolo, kapena manyazi akuti anzace adzati galu wace si wamphongonso.

Mngelezi wina wa nzeru, Jeremy Bentham, analemba m'caka ca 1789 kuti poweruza macitidwe a anthu pa zinyama, cofunsa cacikuru ndico ngati nyamayo ikhoza kumva zowawa. Muyeso umenewu ngwothandiza pano. Mbali imodzi pali galu mmodzi wogonekedwa ndi mankhwala, amene amva bala masabata awiri nacira. Ndipo ngati ali wamkazi, sadzadwalanso matenda a mafinya a m'cibaliro amene apha agalu ambiri okalamba. Mbali inayo pali tiana tace makumi angapo, tina tofera m'thumba, tina tokula ndi njala ndi nkhupakupa, toponyedwa miyala pa msika. Woika ziwirizi pa sikelo sabvutika kuona kolemera.

Ena ati cilengedwe cisiyidwe ciyende cokha. Mau awa akanakhala oona kunena za nkhandwe kapena fisi, zimene zidzisakira zokha m'thengo, ndipo ciwerengero cao cicepetsedwa ndi njala ndi adani. Koma galu si wa m'thengo. Anthu anamtenga kwa makolo ace, mimbulu, zaka zikwi zambiri zapitazo, namzoloweza kudya pakhomo ndi kugona pa phulusa. Acuruka cifukwa munthu amdyetsa, ngakhale ndi za kudzala. Ng'ombe zikadya cimanga ca mnansi, pa bwalo aitana mwini ng'ombe, ndipo iye sangadzikanire ponena kuti nca cilengedwe kuti ng'ombe idye cimanga. Momwemonso ana a galu ali mlandu wa mwini galu.

Ndipo mlanduwo sutha ndi agalu okha. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, liwerengera kuti ciwewe cipha anthu ngati 59,000 caka ndi caka, makamaka mu Africa ndi Asia, ndi kuti mwa anthu 100 ogwidwa naco kufikira 99 acitenga kwa galu. Ambiri mwa iwo ndi ana, pakuti mwana ndiye asewera ndi kagalu kosadziwika mwini. Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu waciwewe pomubaya katemera m'caka ca 1885. Koma kufikira lero, zizindikiro zikayamba kuoneka, wodwalayo sacira, kupatula owerengeka okha. Pano payenera kunenedwa poyera kuti kufula sikuletsa ciwewe. Coletsa ndi katemera, ndipo akabayidwa agalu 70 mwa 100 ali onse m'dera, nthendayo ileka kufalikira. Thandizo la kufula ndi lakuti agalu obayidwa kale samizidwa msanga ndi khamu la tiana tosabayidwa.

Mizinda iwiri ionetsa njira ziwiri. M'caka ca 1910 akuru a mzinda wa Istanbul anagwira agalu a m'miseu zikwi zambirimbiri, nakawatula pa kacisi ka miyala ka Sivriada, kumene anafa ndi njala ndi ludzu. Koma agalu sanathe m'miseu ya mzindawo, popeza pamene pali cakudya otsala aswana nadzaza malo a ophedwa. Ku Jaipur, m'dziko la India, bungwe la Help in Suffering linayamba m'caka ca 1994 kugwira agalu a m'miseu, kuwatseka, kuwabaya katemera, ndi kuwabwezera pamene anawagwira. Patapita zaka zingapo agaluwo anacepa, ndi imfa za ciwewe m'madera a nchitoyo zinatsika kwambiri. A ku Istanbul sanafule galu, koma anapha. A ku Jaipur anafula, ndipo anapulumutsa agalu ndi anthu omwe.

Nanga a ku Norway alakwa? Iai. Kwao pafupifupi galu ali yense ali ndi mwini wace womsunga m'nyumba ndi kumuyendetsa pa cingwe, ndipo agalu osocera saoneka m'miseu. Kumeneko mpeni ukanapweteka galu popanda kupulumutsa wina. Apa paoneka kuti kufula pa kokha si cifundo, ndiponso si nkhanza. Cipambanitsa ndi cifukwa cace, nthawi yace, ndi dzanja locita. Kufula galu kuseri kwa nyumba ndi lumo kapena mphira, iye alikupenya, ndi nkhanza, ngakhale cifukwa cikhale cabwino. Galu wa mtundu waukuru ayenera kuyamba wakhwima mafupa, monga dotolo angalangize. Ndipo kumene mtengo wa dotolo uposa mphamvu za wosauka, gawo lina la mlandu ligwera Boma ndi mabungwe, amene ayenera kufikitsa nchitoyi m'makomboni ndi m'midzi.

Mwini galu ali nazo njira ziwiri zolungama. Akhoza kumsiya wathunthu, namangira mpanda wolimba, namtsekera masiku amene afuna mphongo, ndipo akaswa, afunire mwana ali yense khomo lodziwika. Akaona kuti zimenezi sangazithe, apite naye kwa dotolo. Njira yacitatu, ya kusunga manja oyera pokana mpeni ndi kudzuka usiku kukafuna thumba ndi cingwe, siingachedwe kuopa Mlengi, pakuti tiana tiri m'thumbamo tinalengedwa ndi Iye yemweyo.