Kodi Djokovic timumane ufumu chifukwa sitimukonda?

Ku Ulongwe ndi ku Domwe anthu amene anagwirapo chomenyera tenesi ndi owerengeka, koma mafoni ndi mawayilesi akanema atafalikira, mkangano wa Federer, Nadal ndi Djokovic unakwera nawo mapiri a Angónia. Mbali zake n'ziwiri, ndipo tiziike m'kamwa mwa malume ndi mphwake, poti nthawi zambiri akulu amaima kwina, achinyamata kwina.

Mnyamatayo amayamba ndi manambala. "Amalume, mbatata ya kachewere ikafika pasikelo, sikelo sifunsa ngati mlimi wake ndi waulemu. Djokovic ali ndi zikho 24 za mipikisano inayi ikuluikulu, Nadal 22, Federer 20. Anakhala pamwamba pa onse masabata 428, Federer 310. Pokumana maso ndi maso anagonjetsa Federer ka 27, iye n'kugonja ka 23, ndipo ndi Nadal zinali 31 kwa 29. Mendulo ya golide ya Olimpiki imene inkamuzemba anakaitenga ku Paris mu 2024 ali ndi zaka 37. Mukufunanso chiyani?" Amalumewo samatsutsa nambala ngakhale imodzi. "Iwe mphwanga, munthu si mbatata. Mu 2020 ku New York munthu wakoyo anamuchotsa mumpikisano atamenya mpira mopsa mtima n'kulasa pakhosi mayi woyang'anira mzere. Federer anzake osewera nawo anamusankha ka 13 kuti alandire mphoto ya Stefan Edberg ya khalidwe labwino pabwalo, Nadal ka 5, wakoyo ngakhale kamodzi ayi. Mdzukulu wanga ndimuuze kuti atengere yani?"

Amalume akunena zoona pa chinthu chimodzi, ndipo mphwawo akulakwa akamati khalidwe ndi nkhani ya kutchalitchi yosakhudza bwalo. Malamulo a tenesi amawerengera khalidwe m'kati mwa masewero momwemo. Wolakwa amayamba wachenjezedwa, akabwereza amalandidwa pointi, kenako gemu yathunthu, ndipo cholakwa chikakula amauzidwa kuti anyamule chikwama. Serena Williams anaziona mu ndime yomaliza ya US Open mu 2018: woyimbira wa ku Portugal, Carlos Ramos, anamuchenjeza chifukwa cha zizindikiro za mphunzitsi wake, anamulanda pointi ataswa chomenyera, n'kumulandanso gemu Serena atamutchula wakuba, ndipo chikho chinapita kwa Naomi Osaka. Koma mfundo yomweyi ikutembenukira amalume. Ngati khalidwe lili kale m'malamulo, ndiye kuti lili kale m'manambala. Tsiku limene Djokovic anachotsedwa, akusewera ndi Pablo Carreño Busta, anali asanagonjepo chaka chonsecho, ndipo Federer ndi Nadal kunalibe. Chikho chimene ambiri ankati n'chake anachitaya yekha ndi mkwiyo wa kamphindi. Sanachite dala, anapepesa, chilango analandira. Zikho 24 zija n'zimene zinatsala atalipira. Kumuchotseranso china lero n'kumulipitsa kawiri mlandu umodzi, chinthu chimene ngakhale pabwalo la amfumu anthu angachidandaule.

Nanga mphoto 13 zija? Zikuonetsa kuti Federer ankakondedwa ndi kulemekezedwa, ndipo n'zomuyenera. Koma kukondedwa kumabwera ndi zambiri: kaseweredwe kosalala, nkhope yofatsa, kuyankhula kokoma pamaso pa atolankhani, ndiponso kufika msanga. Djokovic anapeza mitima ya ochemerera itagawanidwa kale pakati pa anthu awiri, iye n'kukhala mlendo wodzasokoneza phwando. Federer yemweyo ali mnyamata anali wamtima wapachala, ndipo mu 2009 ku Miami anaswa chomenyera chake akusewera ndi Djokovic. Anthu anamukhululukira msanga poti ankamukonda kale. Khalidwe lenileni la pabwalo limaoneka pamene chilungamo chikukudyera. Mu 1982 ku Paris, Mats Wilander, ali ndi zaka 17, anali atapatsidwa kale chipambano cha ndime yachiwiri kwa yomaliza, koma anauza woyimbira kuti mpira wa José Luis Clerc unagwera m'kati ndipo pointiyo ibwerezedwe. Mu 2005 ku Rome, woyang'anira mzere ananena kuti mpira wa Fernando Verdasco watuluka, zimene zikanapatsa Andy Roddick masewerowo pomwepo. Roddick anayang'ana chidindo cha mpira padothi, n'kunena kuti walowa. Masewero anapitirira, ndipo Roddick anagonja.

Apa mpofunika kuwafunsa amalume mwaulemu: Roddick, amene anapambana chikho chachikulu chimodzi chokha, mungamuike pamwamba pa Federer? Ayankha kuti ayi, ndipo poyankha chotero avomera kuti nawonso amayamba ndi zikho. Khalidwe amalitulutsa m'thumba pokhapokha zikho zikaleka kukomera munthu wawo. Pamene Federer anali patsogolo pa onse, ochemerera ake ankawerenga zikho mokweza mawu, ndipo palibe ankati manambala ndi achabe.

Amalume ali ndi muvi wina, ndipo ndi wakuthwa kuposa woyamba. "Bungwe la Federer lathandiza sukulu za mkaka tsidya linalo ku Malawi, iye mwini anafikako mu 2015, ndipo mayi ake ndi a ku South Africa. Mu 2020 anasewera ndi Nadal ku Cape Town pamaso pa anthu oposa 50,000 kuti apeze ndalama za maphunziro a ana. Wakoyo tinamuona kuti?" Ntchito imeneyi ndi yaikulu, ndipo aliyense wokhala kufupi ndi malire a Dedza ali ndi chifukwa choiyamikira. Komabe Djokovic nayenso ali ndi bungwe lothandiza maphunziro a ana aang'ono kwawo ku Serbia, dziko limene iye anakuliramo mabomba akugwa mu 1999. Tikamatamanda wina chifukwa thandizo lake linagwera pafupi ndi ife, tikuyeza mtunda, osati mtima. Ndipo tikati ukulu tiuyeze ndi zimene munthu anachitira Africa, onse atatuwa ayenera kupatukira Arthur Ashe, amene boma la tsankho la South Africa linamukaniza chitupa cholowera, iye osatopa mpaka anakasewerako mu 1973. Ashe anali ndi zikho zazikulu zitatu zokha. Ulemu wake ndi wosatha, koma funso la amene ankaposa onse pomenya mpira ndi lina. Tinenenso modutsa kuti mkanganowu umaiwala amayi: Margaret Court ali ndi 24, Serena 23, ndipo Steffi Graf mu 1988 anasesa zikho zonse zinayi pamodzi ndi golide wa Olimpiki m'chaka chimodzi, zimene palibe mwa amuna atatuwa anachitapo.

Ife a ku Mozambique chitsanzo tili nacho pakhomo, pa mpira wamiyendo. Mu 1968 ku Wembley, Benfica ndi Manchester United zili 1-1 nthawi itatsala pang'ono kutha, Eusébio wa Benfica, mwana wa ku Mafalala, anatsala yekha ndi goloboyi Alex Stepney n'kumenya mpira mwamphamvu. Stepney anaugwira. Eusébio anaima n'kumuombera m'manja munthu amene wangomulanda chikho cha ku Ulaya, ndipo Benfica inagonja 4-1 m'nthawi yowonjezera. Khalidwe limene amalume akufuna kuphunzitsa mdzukulu wawo ndi limeneli: kuvomera poyera kuti mnzako wakuposa, ngakhale zikuwawa. Silifunika kwa osewera okha, woonera nayenso limamukhudza. Munthu amene akuona 24, 428 ndi 27 kwa 23 n'kumanenabe kuti sizikwanira akuchita zimene Roddick anakana kuchita: akunena kuti mpira watuluka chidindo chake chikuoneka m'kati.

Choncho mphwawo asiye kunena kuti khalidwe n'lopanda ntchito, poti munthu wake yemweyo linamudyera chikho. Amalume apitirize kukonda Federer ndi kumuloza kwa adzukulu, palibe angawaletse. Koma pa funso la mwamuna woposa onse amene anasewerapo tenesi mpaka lero, umboni uli kwa Novak Djokovic, ndipo amalume avomere.