Kodi Kuleka Kugoletsa Ndiye Ulemu?

Timu ikutsogola ndi zigoli 5, mphindi zatsala zochepa, ndipo anzawo aja manja ali lende. Kodi osewera a khalidwe ayenera kupitiriza kugoletsa, kapena kubweza phazi? Ambiri a ife tinaleredwa kuti munthu akagwa pansi sitimumenyanso, kotero timafulumira kuyankha kuti abweze phazi. Ine ndikukana, ndipo ndikupemphani, anzanga, kuti tiganize mofatsa.

Choyamba, mpira si wa matimu awiri okha amene ali m'bwalo. Pa 25 June 1982, mumzinda wa Gijón ku Spain, West Germany inakumana ndi Austria pa Chikho cha Dziko Lonse. Horst Hrubesch atangogoletsa chigoli chimodzi cha West Germany koyambirira, matimu onse awiri anayamba kungopatsirana mpira ngati akuwotha dzuwa, popeza 1-0 inali yokwanira kuwapititsa onse patsogolo. Panalibe kutukwana kapena kupwetekana. Koma Algeria, yomwe inagonjetsa West Germany yomweyo 2-1 masiku ochepa m'mbuyomo, inatuluka mumpikisano ili chiwonerere. Kuyambira 1986 masewero omaliza a m'gulu amaseweredwa nthawi imodzi, chifukwa cha manyazi a tsikulo.

Wina anena kuti ku Gijón kunalibe chisoni, kunali dyera. Ndi zoona. Ndiye tiyeni tipite kumene chisoni chikadakhala ndi malo.

Pa 8 July 2014 ku Belo Horizonte, Germany inathira Brazil zigoli 5 mphindi 30 zisanakwane, pamaso pa eni mudzi, ena akulira poyera. Mats Hummels anadzaulula pambuyo pake kuti pa nthawi yopuma anagwirizana kuti asawachite chipongwe anzawowo, koma asewerebe ndi mtima wonse. Anaterodi. André Schürrle anawonjezera zigoli 2.

Apa mpamene pali kusiyana kumene timakonda kukusokoneza. Kugoletsa ndi china, chipongwe ndi china. Wosewera amene akuvinitsa mpira pamaso pa mnzake wotopa kuti ochemerera aseke, ameneyo wasiya masewero, wayamba kunyoza. Koma amene akuthamangabe, akulandabe mpira, akuuza mdani wake kuti akadali munthu woopedwa. Nanga kubweza phazi kumanena chiyani? Kumanena kuti iwe sulinso mnzanga wopikisana naye, ndiwe mwana woti ndimulekerere. Amene anaseweretsapo bawo ndi mkulu womulekera dala adziwa kuwawa kwake: umapambana, koma nkhope yako yagwa.

Ndivomere kuti pa ana a sukulu zaupulayimale nkhani isintha pang'ono. Mphunzitsi amene alowetsa osewera ake ofooka poona kuti zigoli zachuluka sanalakwe, malinga ofookawo akalowa asewere zenizeni.

Masewero a ku Belo Horizonte aja ali pafupi kutha, Oscar anagoletsa chigoli chimodzi cha Brazil, zigoli nkukhala 7-1. Goloboyi wa Germany, Manuel Neuer, anaoneka wokwiya ngati kuti timu yake yagonja. Ena anamuseka: munthu wotsogola ndi zigoli 6 angadandaule bwanji? Koma mkwiyo umenewo ndiwo unachitira umboni kuti Oscar sanapatsidwe chigolicho ngati mphatso ya wopemphetsa. Anachilanda yekha kwa anthu amene sankafuna kumupatsa.