Mlendo ndi Tsiku Lopatulika la Eni Mudzi

Pattaya ndi mzinda wa m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Chonburi, makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Bangkok, likulu la Thailand. Kale unali mudzi wa asodzi. Unasintha pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, pamene asilikali a ku America, ena ochokera ku bwalo la ndege zankhondo la U-Tapao chapafupi pomwepo, ankabwera kudzapuma ndi kudzamwa. Nkhondo itatha asilikaliwo anapita, koma mabala anatsala, nachulukirachulukira. Lero mumzindawu mumakhala anthu miyandamiyanda ochokera ku Britain, Germany, Russia, Australia ndi maiko ena, amene anabwera n'kukhazikika. Ali ndi nyuzipepala zawo za m'Chingerezi, monga Pattaya Mail imene inayamba mu 1993, ndipo m'nyuzipepala zoterezi muli nkhani ina imene yakhala ikubwera chaka ndi chaka: chenjezo lakuti mawa ndi tsiku lopatulika la Chibuda, mowa sugulitsidwa. Chenjezolo likangotuluka, madandaulo sachedwa. Ena amati awabera ufulu, ena amati boma likuseweretsa anthu akuluakulu ngati ana. Pansi pa kung'ung'udzako pali funso lakale kwambiri: kodi munthu wokhala kwa eni ake ayenera kulemekeza tsiku lopatulika la chipembedzo chimene iye sakhulupirira? Ine ndikuti ayenera, ndipo azitero mwa kufuna kwake, popanda wapolisi womukakamiza.

Masiku akewo ndi asanu pa chaka. Pa Makha Bucha amakumbukira tsiku limene amonke 1,250 anasonkhana pamaso pa Buddha popanda wowaitana. Pa Visakha Bucha amakumbukira kubadwa kwake, kuunikiridwa kwake ndi imfa yake. Asalha Bucha ndi tsiku la ulaliki wake woyamba ku Sarnath, ndipo mawa lake ndi Khao Phansa, pamene amonke amayamba kubindikira pa akachisi awo miyezi itatu ya mvula. Kubindikirako kumatha pa Ok Phansa. Mbuda wamba amalonjeza kusunga malangizo asanu: osapha chamoyo, osaba, osachita chiwerewere, osanama, ndi osamwa zoledzeretsa. Langizo lachisanuli ndilo linabala chiletsocho, chimene boma linalengeza mu 2009 potsamira pa lamulo loyendetsera zakumwa zoledzeretsa la 2008. Wogulitsa mowa pa masikuwa ankatha kulipitsidwa chindapusa chofika 10,000 baht, kapena kukhala kundende mpaka miyezi isanu ndi umodzi.

Kwa zaka zambiri, usiku wa tsiku lotere unkasandutsa Walking Street, msewu wotchuka wa mabala, kukhala wina. Magetsi amitundumitundu ankazimitsidwa, zitseko zachitsulo n'kutsitsidwa, mipando n'kusanjikizidwa pamatebulo. Koma munthu akayenda pang'ono kukwera msewu wa South Pattaya, ankafika pa kachisi wa Wat Chai Mongkol, pamene pankakhala podzaza. Pa ena mwa masiku akuluakuluwa anthu amazungulira nyumba yopatulika katatu, aliyense atanyamula kandulo yoyaka, timitengo titatu ta lubani ndi duwa, ulendo woyamba wa Buddha, wachiwiri wa chiphunzitso chake, wachitatu wa gulu la amonke. Phula limadonthera pazala, ana amatchinga moto ndi dzanja kuti mphepo isauzime. Mwa ozungulirawo muli woyendetsa njinga yamoto ya matola, mayi wowotcha nkhuku pamsewu, ndi mtsikana amene dzulo lake amathira mowa m'matambula. Anthu amene mlendo amawaona tsiku lililonse atamugwirira ntchito, usiku umenewu amaoneka ali ndi moyo wawowawo umene ndalama zake sizinagule.

Apa m'pamene pagona mfundo yanga. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sachedwa kuchoka, choncho m'pirireni. Mwambiwu ukukhudza munthu wa masabata awiri. Koma amene wakhala ku Pattaya zaka khumi salinso mame. Kuti apeze chilolezo cha opuma pantchito anaonetsa kuti wakwana zaka 50 ndipo ali ndi 800,000 baht kubanki kapena amalandira 65,000 baht pamwezi. Masiku 90 alionse amadziwitsa ofesi yoona za olowa ndi otuluka komwe akukhala. Akadwala amamusamala ndi anamwino achi Thai, akakalamba amamuyendetsa pampando ndi ana a eni dziko, ndipo ambiri akamwalira mitembo yawo imawotchedwa pa kachisi wa Chibuda, amonke akuimba. Munthu wotere wadya zambiri zimene sanalipire. Kuleza mtima kumene amayamika mwa anthu a kumeneko, kusakonda kukweza mawu, kulemekeza okalamba, sizinagwe kumwamba. Mbali yaikulu zinaumbidwa ndi akachisi omwewo, ndi makolo amene m'mamawa amaika mpunga m'mbale ya mmonke mwana akuona. Si chilungamo kusangalala ndi khalidwe la anthu koma n'kumanyoza tsiku limene amapita kukalitsitsimutsa. Ngongole ya mlendo wokhazikika siithera pa lendi ndi pa bilu ya pabala.

Wotsutsa woyamba anena za chikumbumtima. Iye si Mbuda, ndiye boma limulowetseranji m'chipembedzo? Mfundoyi ndi yolemera, ndipo Abuda ena angagwirizane nayo, popeza malangizo asanu aja munthu amawalandira yekha, sachita kumuikira. Komanso Thailand muli Asilamu ambiri, makamaka kumwera, ndi Akhristu, ndipo malamulo aakulu a dzikolo sanatchule Chibuda kuti ndicho chipembedzo cha boma. Komabe tione bwino chimene mlendoyo akupemphedwa. Palibe akumuuza kuti agwade, palibe akumuuza kuti avomereze za kubadwanso, ngakhale kumwa kumene chiletsocho sichinakhudze: amene anagula dzulo amamwa kunyumba kwake popanda womufunsa. Chimene chinaimitsidwa ndi malonda, phokoso ndi kuledzera kwa pagulu. Ife tomwe timadziwa zoterezi. Munthu wapanjinga akapeza masamba osonyeza maliro atayalidwa pamsewu, amatsika n'kuvula chipewa, ngakhale womwalirayo samudziwa ndipo mpingo wa anamfedwa si wake. Sanalowe mpingo wawo potero. Wangovomereza kuti pamalo pano lero pali chinthu chachikulu kuposa ulendo wake. Chikumbumtima chimavulala munthu akamukakamiza kunena chimene sakhulupirira kapena kuchita chimene amachiona kuti n'choipa. Kugona usiku umodzi osapita kubala palibe chipembedzo kapena nzeru iliyonse imene imakutcha tchimo.

Wotsutsa wachiwiri ndi wakuthwa kuposa woyamba. Iye akuti zonsezi n'chinyengo: mzinda umene masiku 360 umadyera mowa ndi matupi a atsikana, pamene lamulo la 1996 limaletsa uhule, usadzionetse woyera masiku asanu. Zoti pali kusagwirizana pakati pa kachisi ndi Walking Street palibe angakane. Koma chinyengo ndi kudzionetsa chimene suli pofuna kupusitsa ena, ndipo anthu a ku Pattaya sakupusitsa aliyense. M'mabala ambiri muli kashelefu pakona kapena kanyumba ka mizimu pakhomo, pamene antchito amaika nkhata ya maluwa, lubani ndi botolo la Fanta wofiira asanatsegule. Ambiri mwa iwo ndi ochokera ku Isan, chigawo chosauka cha kumpoto chakum'mawa, ndipo ndalama zawo zimapita kwa makolo ndi ana kumudzi. Amadziwa bwino kuti moyo umene akukhala sukugwirizana ndi chiphunzitso chimene amalemekeza. Munthu amene walephera kufika pa muyeso koma n'kumauvomerezabe kuti ndiwo muyeso, ali pabwino kuposa amene wautaya kuti mtima uleke kumutsutsa. Akhristu ndi Asilamu amaidziwa nkhani imeneyi, poti nawonso amasala kudya pa nyengo yake podziwa kuti chaka chonse sanayende bwino. Ndipo mlendo amene ndalama zake n'zimene zimayatsa magetsi a msewu uja ndiye womalizira kukhala ndi mphamvu yoloza chala. Ngati akuona kuti masiku 360 aja ndi oipa, yankho lake likhale kuchepetsa kuipako. Kupempha kuti asanu otsalawo afanane ndi anzawo sikukonza chilichonse.

Wotsutsa wachitatu ndi amene ayenera kumumvetsera kwambiri, chifukwa akulankhulira osauka. Bala ikatseka, mtsikana amene amalandira gawo pa chakumwa chilichonse chimene kasitomala wamugulira sapeza kanthu, woyendetsa galimoto ya matola amazungulira mzinda wopanda anthu, wogulitsa chakudya amabwerera ndi katundu. Anthu a ku Pattaya sanaiwale 2020, pamene mliri wa Covid unatseka malire a dziko limene chaka chapitacho linalandira alendo pafupifupi 40 miliyoni, mabanja ambiri n'kumaima pamizere kulandira chakudya. Njala si nkhani yoichepetsa ndi mawu okoma a chipembedzo. Koma pali zinthu ziwiri. Choyamba, kuyeza phindu la tsiku lopatulika ndi kutayika kwa malipiro ndi mlandu wa eni dziko, amene amavota, amapemphera ndiponso amaluza ndalamazo. Iwo akhala akukangana za izi pakati pa eni mabizinesi, magulu a zaumoyo ndi atsogoleri a chipembedzo. Chachiwiri, chifundo cha mlendo pa wantchito chimayesedwa masiku enawo: ngati amalipira bwino womuchapira, ngati salalatira woperekera zakudya, ngati sakwera njinga yamoto ataledzera m'dziko limene ngozi zapamsewu zimapha anthu ambiri, makamaka pa chikondwerero cha Songkran mu Epulo. Chifundo chimene chimangodzuka pa tsiku limene bala yatseka n'chokayikitsa kuti chikulirira ndani.

Tsono zinthu zasintha. Mu Disembala 2023 boma linalola malo azisangalalo a ku Chonburi, Bangkok, Phuket, Chiang Mai ndi Koh Samui kutseka 4 koloko m'mawa. Mu Meyi 2025, Visakha Bucha itayandikira, linafewetsanso chiletso cha masiku asanu aja, n'kulola kuti mowa uzigulitsidwa m'mahotela, m'mabwalo a ndege zopita kunja, m'malo azisangalalo ovomerezeka ndi m'madera ena a alendo, pamene m'magolosale wamba chiletso chinatsala. Cholinga chinali chodziwika: kukopa alendo ndi ndalama zawo. Wina angati basi nkhani yatha, eni ake alola. Ine ndikuona kuti apa m'pamene yayambira. Pamene apolisi ankatseka mabala, mlendo analibe chosankha, choncho kukhala kwake panyumba sikunali ulemu kapena mwano. Tsopano chitseko chili chotsegula, ndipo chimene achite chionetsa mtima wake. Aganizirenso chifukwa chimene chitsekocho chatsegukira: dziko lachepetsa tsiku lake lopatulika poopa kuti iyeyo angakhumudwe n'kupita kwina. Munthu wa umunthu akamva kuti womulandira wasuntha mwambo wake chifukwa cha iye, sanyadira kuti wapambana. Amachita manyazi pang'ono, ndipo manyazi amenewo ndi abwino, poti amamukumbutsa kuti ndalama zake zili ndi mphamvu yogwetsa zinthu zimene iye sangathe kuzimanganso.

Kulemekeza kumeneku sikutanthauza kuti mlendo atseke pakamwa pa chilichonse. Akaona mwana akugwiritsidwa ntchito yonyansa, kapena wantchito akuzunzidwa, ayenera kulankhula, ngakhale wina atamuuza kuti ndi mmene timachitira kuno. Malire ake ndi omveka: mwambo umene ukupweteka munthu wosatha kudziteteza suyenera kulemekezedwa, koma mwambo umene ukungochedwetsa chisangalalo changa ndiyenera kuupatsa malo. Tsiku lopanda mowa lili m'gulu lachiwirili. Mtengo wake kwa mlendo ndi waung'ono kwambiri, mausiku asanu pa chaka chonse, pamene phindu lake kwa iye mwini ndi lalikulu, chifukwa limamupatsa mpata wodziyesa ngati akadali mfulu pamaso pa botolo, ndi wodziwa anansi ake kunja kwa ntchito imene amamugwirira. Mzinda umene uli wokonzeka kugulitsa chilichonse, ola lililonse, tsiku lililonse, umatsala msika basi, ndipo pamsika palibe amene amatchedwa mnansi. Amene akufuna kuti anthu a ku Pattaya adzamusamale atadwala ndi kumuika mwaulemu atamwalira, akupempha kuti amuone ngati mnansi. Ayambe ndi iye kuwaona choncho, posunga tsiku limene iwo amalitcha lopatulika ngakhale lamulo laleka kumukakamiza.